Tsiku Limene Mayi Leocadia Analowa mu Mgodi

Lachiwiri pa 11 Juni 2019, nthawi ili 10:40 m'mawa, denga la njira yachitatu mu mgodi wathu wa siliva linagumuka n'kutsekera anthu anayi mkati. Ine ndine mlembi wa kopaletivi yathu, ndipo nthawi zonsezi ndinkazilemba.

Wapampando wathu, bambo Eusebio Ticona, anagawa amuna makumi atatu m'magulu atatu osinthana maola anayi alionse. Paipi ya mpweya sinaduke. Tikaimenya ndi nyundo, otsekeredwawo ankayankha kanayi, kutanthauza kuti onse ali moyo. Koma tikachotsa mawilibala khumi a miyala, denga linkagwetsa ena khumi ndi awiri. Pofika Lachinayi m'mawa tinali titakumba mamita awiri okha mwa makumi awiri, ndipo paipi inayankha katatu.

Apo m'pamene anabwera mayi Leocadia Colque, a zaka 63, amene amasankha miyala kunja kwa mgodi. Mwana wawo Fermín anali mmodzi wa anayiwo.

"Eusebio, pamenepo mukukumba manda," anatero. "Kumtunda kuli njira yakale, imakatsikira kuseri kwa pogumukapo."

"Pa mapu palibe, mayi," ndinatero ine.

"Mapu akowo anajambula ndani, iwe Anselmo? Njirayo ndinakumba nawo ndine. Mu 1987 mwamuna wanga atadwala mapapo ndinavala chisoti chake miyezi isanu ndi inayi. Sankadziwa kuti ndine mkazi, ankanditcha Wosalankhula."

Bambo Crisanto Apaza, mkulu wa ophulitsa miyala, analavula masamba a koka amene ankatafuna.

"Ndiye n'chifukwa chake siliva anatithawa chaka chimenecho! Mkazi salowa mu mgodi, Amalume amakwiya. Lero mukufuna atigwetsere phiri lonse? Ajambule papepala, tipite tokha."

Amalume ndi chifanizo chadongo cha mzimu umene timati ndi mwini mgodi, chimene timachipatsa fodya ndi kachasu tisanayambe ntchito.

"Kujambula sindidziwa, ikudziwa ndi miyendoyi," anayankha mayiwo. "Pali mphambano zisanu ndi ziwiri, ina ili ndi mpweya wakupha. Iwe Crisanto umasochera ngakhale pochokera ku mowa."

Palibe anaseka. Bambo Crisanto anati nkhaniyi ipite ku msonkhano, pakuti lamulo lathu limati chilichonse chachikulu tizikwezera manja. Bambo Eusebio anandifunsa kuti msonkhano wapitawo unatenga nthawi yaitali bwanji.

"Maola asanu," ndinatero.

"Msonkhano ukhala Lamlungu," anatero iwo. "Mudzandichotse pampando, dzanja loyamba lidzakhala langa. Lero amayi alowa. Ndikufuna anthu asanu ndi atatu."

Anadzipereka asanu. Asanu ndi mmodzi anapitiriza kukumba pogumuka paja. Khumi ndi asanu ndi anayi anazimitsa nyali zawo n'kukhala pansi pakhomo la mgodi. Bambo Eusebio sanawanyoze. Anapita kukagwada pafupi ndi bambo Crisanto.

"Achimwene, simulowa, ndamva. Koma ndikufuna mitengo makumi anayi yochirikizira denga, ya mita ndi theka, isanakwane 4 koloko. Wodziwa kuyeza ndinu."

Bambo Crisanto anaimirira. Kenako anaitanitsa sowo.

Tinalowa 11:15, mayi Leocadia patsogolo, ine pambuyo ndi kope langa. Titafika pa Amalume, mayiwo anayatsa ndudu n'kuiika pakamwa pa chifanizocho.

"Mumandidziwa, akulu," anatero. "Musachite ngati mwaona mlendo."

Nduduyo inazima isanafike pakati. Tonse tinaona, ndipo tinadutsa.

Pa mphambano yachinayi mayi Leocadia anaima nthawi yaitali, akupapasa khoma. Anasankha kumanzere. Nthawi ili 1:50 masana tinafika pothera njirayo. Bambo Eusebio anayerekeza kuti pakati pa ife ndi anzathuwo panali mamita asanu ndi limodzi a thanthwe, loti tiswe ndi manja popeza kuphulitsa kukanagwetsanso denga. Anati ndi ntchito ya tsiku ndi theka.

Itakwana 2:10 anamenya thanthwelo ndi nyundo. Linayankha kawiri.

"Walemba chiyani, Anselmo?" anafunsa mayi Leocadia.

"Kawiri, mayi."

"Lemba kuti dzanja lawo latopa."

Ndinasiya mmene ndinalemberamo.

Mitengo inafika 3:45, ataisenza okha bambo Crisanto ndi anthu awo, akutsata mapazi athu mpaka pa mphambano yomaliza. Itakwana 4 koloko tinamenyanso thanthwe. Panali patatsala mamita asanu ndi theka, ndipo pofika 4:20 linali lisanayankhe.