Matumba Obwerera

Evelina ankakazinga tchipisi m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe, pafupi ndi timilatho tamitengo tomwe anthu amawolokera popita ku msika wa kaunjika. Anthu pamenepo sankatha, koma fungo ndilo linkamuthamangitsira makasitomala. Majumbo, mabotolo, zitsononkho ndi matewera a ana zinali mbwee pagombe, ndipo ntchentche zinkachoka pamenepo kudzatera pachiwaya chake.

Loweruka lina kunatulukira mayi atavala magambutsi atsopano, atanyamula matumba ndi magolovesi. Anati dzina lawo ndi a Chitemwa, kwawo ndi ku Rumphi, amagwira ntchito ku Capital Hill ndipo amakhala ku Area 11. Anapempha ogulitsa malonda kuti azithandizana nawo kutola zinyalala Loweruka lililonse m'mawa.

Atangotembenuka, Jobu, mwini wa kamlatho kamodzi, anapukusa mutu.

"Munthu achoke ku Area 11 kudzatola matewera a ana a eni? Pali chimene akufuna. Akayeretsa pano mudzaona mpanda wamalata ukuzungulira, tonsefe atatithamangitsa."

Evelina naye sanawakhulupirire, koma anatenga magolovesi. Anaganiza kuti kuli bwino kukhala pafupi nawo n'kumaona zimene akuchita. Anthu ena ochepa anamutsatira, ndipo dzuwa lisanafike pamutu matumba anali ataunjikana m'mbali mwa msewu.

"Tsopano tikufunika galimoto yopita nazo kumtaya ku Area 38," anatero a Chitemwa. "Mafuta ndithira ndine."

Evelina anatchula mlamu wake Paxton, mwamuna wa mng'ono wake Triza. Paxton anali ndi pikapu yakale yomwe ankatolera zinyalala m'nyumba zamipanda za ku Area 3 ndi Area 4. Anabwera mwamsanga, anapereka moni mwaulemu, n'kunyamula zonse.

Sabata yachitatu anatola chinthu chimene chinaseketsa aliyense: mwendo wa chidole chachikulu, chija amachiveka zovala m'masitolo, zala zake zopakidwa utoto wofiira. Ngakhale Jobu, amene sankatola nawo, anatsika pamlatho n'kuvina nawo mwendowo. Evelina ndiye anauponya m'thumba ndi kumanga kukamwa.

Lachiwiri kunagwa mvula yamphamvu. Lachitatu m'mawa Evelina akukoleza moto anaona matumba ong'ambika atakola pamizati ya mlatho wa Jobu. Pakati pa bango panatuluka mwendo uja, zala zofiira zitaloza kumwamba.

Anaitana Jobu.

"Ndinanena ine," anatero Jobu. "Simuwaona mmene amajambulira ndi foni? Akufuna zithunzi zoti azikaonetsa azungu. Pakayera adzajambula chiyani? Amazibweza okha."

Mawu amenewo anamukhala Evelina mumtima. Zinali zoona kuti a Chitemwa ankajambula asanayambe ntchito ndiponso akamaliza. Zinalinso zoona kuti galimoto isananyamuke ankakokera Paxton pambali n'kumalankhula naye motsitsa mawu.

Loweruka lotsatira a Chitemwa anaima pagombe, manja ali m'chiuno. Matumba awo anawazindikira, chifukwa onse anali a chakudya cha nkhuku, ochokera kukhola la mchemwali wawo.

"Ndani akuchita zimenezi?" anafunsa. "Ndikudziwa kuti ena pano simundifuna. Koma mpaka kutenga matumba n'kuwaponyanso m'madzi?"

Anayang'ana Jobu. Jobu anawayang'ananso osaphethira. Tsiku limenelo anthu anatola mwakachetechete, aliyense akuba mnzake ndi diso. Evelina anaona a Chitemwa akuitananso Paxton kuseri kwa galimoto. Anazimitsa moto, anavundikira chiwaya, n'kukodola wa kabaza wanjinga yamoto.

"Titsate pikapu yoyera ija, koma musayandikire kwambiri."

Iye ankayembekeza kuti galimotoyo ilowera ku City Centre, kunyumba kwa a Chitemwa, kukabisa matumbawo. Koma sinalowere kumeneko, ndipo msewu wa kumtaya sinautengenso. Inakwera ku Area 3, inadutsa m'misewu ya mitengo ikuluikulu, kenako inakhotera m'kanjira kafumbi pakati pa mipanda iwiri yanjerwa. Kanjirako kankatsetsereka mpaka kumtsinje, kumtunda kwa msika.

Evelina anatsika njinga n'kuyenda wapansi. Anapeza phompho lobisika ndi nsenjere, lodzaza zinyalala: mabotolo a vinyo, zitini za chakudya cha agalu, udzu wa pakapinga, ndi matumba a chakudya cha nkhuku ambirimbiri. Paxton anali pamwamba pa galimoto, akukankha thumba ndi phazi.

"Alamu!"

Paxton anatembenuka, thumba lija n'kugubuduzika lokha.

"Mwanditsata, alamu?"

"Kuno ndiye ku Area 38?"

Paxton anatsika, akupukuta manja pabuluku. Anayesa kuseka.

"Inu simukudziwa mmene mafuta akuvutira. Munthu umakhala pamzere tsiku lonse. Ndiwotche mafuta mpaka kumtaya chifukwa cha zinyalala? Ndi ine ndekha ngati? Onse amapikapu amataya muno."

"Mafuta amakuthirirani amayi aja."

"Amathira, inde. Ndiye amene ndimayendera sabata yonse. Ana a mng'ono wanu amadya chifukwa cha galimoto imeneyi."

"Nanga zimene mumanong'onezana kuseri kwa galimoto?"

"Amangondifunsa ngati ndinakafikadi. Ine ndimati eya." Anayandikira, mawu atatsika. "Alamu, nkhani iyi ithere pompano. Mukaulula, mabwana a m'mipandamu amva, ntchito yanga yatha. Triza mudzamuuza chiyani?"

Evelina anayang'ana madzi akudutsa pansi pa phompholo, akunyambita matumba apansi. Mvula ina ikangogwa, zonsezo zinali kubwera pachiwaya chake. Anatembenuka n'kubwerera kwa wa kabaza.

Lamulungu anapita kwa Triza ku Area 4. Triza anamva nkhani yonse akuchapa, osadzutsa mutu.

"Ndiye mukufuna mugulitse mlamu wanu kwa mlendo chifukwa cha majumbo?"

"Anthu akudana kumtsinje kuja, Triza. Jobu akunamiziridwa, amayi aja akunamiziridwa. Amene ndinabweretsa Paxton ndine."

"Chitani zimene mukufuna, achemwali," anatero Triza, n'kukhuthula madzi a sopo pafupi ndi mapazi ake.

Loweruka Paxton sanabwere. Evelina anadikira kuti anthu asonkhane, ndipo ananena zonse pamaso pa a Chitemwa ndi Jobu. Anawatenga onse awiri kukawaonetsa phompho lija. A Chitemwa anaima m'mphepete akuyang'ana matumba awo. Kenako anayang'ana Evelina.

"Ndi mlamu wanu. Mukuti simunkadziwa kuyambira pachiyambi?"

Evelina anawayang'ana m'maso.

"Ndikanadziwa ndikanakubweretsani kuno, amayi? Inetu ndinkaganiza kuti ndinu mumamutuma."

"Ine?"

"Inu amene. Tonse tinkatero."

A Chitemwa anayang'ana Jobu, koma Jobu anali kuyang'ana kumbali, akutokosa botolo ndi ndodo. Palibe anapepesa mnzake. Anabwerera kumsika m'galimoto ya a Chitemwa.

A Chitemwa sanapite kupolisi. Anakalankhula ndi eni nyumba za mbali ziwiri za kanjira kaja, ndipo eni akewo anakumba ngalande polowera kanjirako kuti galimoto isalowenso. Nkhani inamveka m'mipandamo, ndipo nyumba zingapo zinamusiya Paxton. Triza anasiya kuyankha foni ya mkulu wake. Kutchalitchi ankakhala pabenchi lina.

Kuchotsa za m'phompho kunatenga nyengo yonse yadzinja. Anapeza lole ya munthu wina wachikulire, a Zikhale, koma panalibe amene anafuna kuti ipite yokha. Anagwirizana kuti Loweruka lililonse munthu mmodzi wa kumsika azikwera nawo mpaka kumtaya. Jobu anakana kutola zinyalala mpaka mapeto, ndipo ankanenabe kuti tsiku lina mpanda wamalata udzabwera, koma kukwera lole anavomera. Ankati akufuna kuona ndi maso ake.

Ntchentche zinachepa pachiwaya cha Evelina, ndipo anthu anayamba kudyera pomwepo atakhala pabenchi. A Chitemwa nawo ankagula tchipisi akamaliza ntchito. Ankacheza za mvula ndi za mitengo ya mafuta ophikira, koma za Paxton sanazitchulenso.

Itafika nthawi yake yokwera lole, Evelina anakhala kutsogolo pafupi ndi a Zikhale. Atawoloka mlatho waukulu anaona pikapu yoyera itaima pamzere wa mafuta, Paxton atatsamira chitseko. Paxton anamuona. Evelina anakweza dzanja pang'ono, koma mlamu wakeyo anaweramira foni, ndipo lole inapitirira kulowera ku Area 38.