Sinki M'chipinda Chilichonse

Ellah anagula nyumba atabisala m'kachipinda kosungiramo zofunda, kunyumba yosamalira okalamba kumene ankagwira ntchito. Okushoni yake inali ya pa intaneti ndipo inkatha nthawi ya ntchito. Munthu wina wosadziwika akakweza mtengo, iye ankadina nayenso n'kuukweza. Kenako winayo anatopa. Foni inamuuza kuti fulatiyo ndi yake.

Anatulukamo atakumbatira mapilo amene palibe anamutuma, n'kuvina nawo mpaka kumapeto kwa kolido. Agogo ena a panjinga ya olumala anamuombera m'manja osadziwa n'komwe chimene chachitika.

Anaimbira foni mwamuna wake Hopeson, amene ankayendetsa galimoto yoperekera katundu.

"Bambo a Tasha, imikani galimoto kaye."

"Kwagwanji?"

"Mwaimika? Tikusamuka kwa malume."

Chikwatiranireni, awiriwa ankakhala m'chipinda cha pansi pa nyumba ya a Jasper, malume ake a Hopeson, ku Germantown, kutsidya kwa nyanja. A Jasper anali munthu wabwino, koma Ellah akangoyetsemula pansipo, iwo ankafuula kuchokera pamwamba kuti amwe mandimu. Tasha, mwana wawo, anaphunzira kuyenda monyang'ama asanaphunzire kuthamanga.

Hopeson ankadziwa okushoni ya fodya ya ku Kanengo, kumene wogula amapisa dzanja m'belo asanatchule mtengo. Kuno sanawalole kulowa m'nyumbamo. Anangoona zithunzi za makoma oyera ndi khitchini yonyezimira. "Tagula belo losatsegula," anatero, koma ankanena akuseka, ndipo anali atauza kale anzake onse a kuntchito.

Tsiku lolandira makiyi anapita atatu ku Seven Corners. Fulatiyo inali pamwamba pa shopu yokonza zikhadabo ndi bekale ya anthu a ku Vietnam, ndipo fungo la buledi linawaperekeza pamasitepe onse. Ellah anavula nsapato pakhomo n'kulowa akuterereka ndi masokosi. Tasha anathamanga chipinda ndi chipinda, akufuula m'Chingelezi kuti wapezanso sinki ina. Inalidi choncho. Pabalaza panali sinki, kuchipinda kwa Tasha sinki, kuchipinda kwawo sinki pafupi ndi pamene akanaika bedi.

"Anthu olemera amasamba m'manja pafupipafupi," anatero Hopeson, akutsegula mipope yonse kuti aimve ikulira.

Zipinda zogona zinalibe mawindo. Ellah anazimitsa magetsi, mdima unachita bii masana dzuwa likuswa mtengo.

"Ine wogwira ntchito usikune, ndimafuna chiyaninso?" anatero. "Dzuwa lidzandifunafuna mpaka kutopa."

Anakhala pansi mumdimamo, akuseka mpaka misozi.

Phwando lolowera m'nyumba analichita Loweruka masana. Anthu a kutchalitchi anabwera kuchokera ku Greenbelt ndi Germantown, atanyamula mapoto ndi mipando yopinda. A Mumba, mayi wa ku Lusaka wotsogolera kwaya, anayendera zipinda zonse akudalitsa. "Mwachita bwino maningi, mwana wanga," anauza Ellah. "Manje masinki onse aya ni ya chani?" A Mumbawo ndiwo anaika zakumwa ndi ayezi m'sinki ya pabalaza, anthu n'kuvomereza kuti womanga nyumbayi anali ndi nzeru.

Kukhitchini amayi ankakazinga mandasi. Utsi unalibe kotulukira. Unadzaza khitchini, n'kufika pabalaza pamene kwaya inali itayamba nyimbo, kenako alamu inalira m'nyumba yonse, pamwamba ndi pansi pomwe. Anthu anatsika masitepe aliyense ndi mbale yake. Pansipo anakumana ndi makasitomala a m'shopu ya zikhadabo, akuyenda ndi zidendene, thonje lili pakati pa zala. A Mumba anaona kuti moto palibe, ndipo anapitiriza nyimbo ija pamalo oimika magalimoto. Pamene ozimitsa moto ankafika, mwini bekale anali akuomba nawo m'manja, ndasi lili pakamwa.

Mkulu wa ozimitsa motowo, mayi wamtali, analowa m'fulatimo n'kukhalitsamo. Atatuluka anafunsa kuti amakhalamo ndani. Ellah anakweza dzanja monyada.

Mayiyo anamutengera pambali pamodzi ndi Hopeson. Anawauza modekha kuti kuboma malowo ankadziwika ngati ofesi ya dokotala wa mano, n'chifukwa chake chipinda chilichonse chinali ndi sinki. Mwini wakale anangoikamo chitofu ndi bafa popanda chilolezo. Kenako analoza Tasha, amene ankayesa chisoti cha wozimitsa moto wina.

"Moto utayamba kukhitchini, chipinda chake chilibe zenera. Angatulukire pati?"

Ellah anayang'ana mwana wakeyo. Madzulo omwewo anapakira zovala za Tasha asanauzidwe ndi aliyense.

Sabata yotsatira a khonsolo anamata chipepala chofiira pachitseko, choletsa munthu kugonamo. Loya amene anakamuona anawauza kuti pa okushoni munthu amagula nyumba mmene ilili, zolakwa za mwini wakale n'kukhala zake. Ellah ndi Hopeson anapempha kuti malowo asinthidwe akhale okhalamo anthu, koma anakanidwa, poti nyumba yonseyo ndi ya malonda.

Anabwerera ku Germantown ndi matiresi pamwamba pa galimoto. A Jasper anawathandiza kutsitsa katundu. Anawaphikira tiyi, anakhala pansi, n'kufunsa mwaulemu ngati pamasiku amene anagona kumeneko mano anasiya kuwawa. Hopeson anayesetsa kukwiya koma zinamukanika. Onse atatu anaseka mpaka malumewo anatsamwa.

Patapita milungu ingapo, foni ya Ellah inalira. Anali Atusaye, mtsikana wa ku Karonga amene anali nawo paphwando lija. Anali ataphunzira za mano kuno konkuno ndipo ankagwira ntchito m'chipatala cha munthu wina.

"Anti, musandiseke," anatero. "Tsiku lija ndinkangoyang'ana mapaipi. Ndakhala ndikufuna malo anga, ndipo onse amene ndawaona alibe mapaipi otero. Mungandichititse lendi?"

Ellah anatseka foni ndi dzanja n'kuthamangira pamwamba kukauza Hopeson, masitepe akulira, osasamala kuti malume akugona.

Atagwirizana za lendi, Hopeson ndi anzake anachotsa chitofu ndi bafa lija, a khonsolo anabwera kudzaona n'kumatula chipepala chawo. Banjalo linakhalabe kwa a Jasper, likufunafuna nyumba ina, ulendo uno yoti alowemo ndi mapazi awo asanagule.

Tsiku lotsegulira chipatala chake cha mano, Atusaye anaumirira kuti woyamba kukhala pampando akhale Ellah. Anamuveka kansalu pakhosi, anapendeketsa mpando, n'kuyatsa nyali.

"Tsegulani pakamwa, alandilodi."

Ellah anatsegula, koma mawu oti alandilodi anamufika pamimba, mapewa n'kuyamba kugwedezeka ndi kuseka. Atusaye anaika zitsulo zake pansi, nayenso akudziletsa, ndipo anauza wodwala wotsatira kuti adikire pang'ono.