Tsitsi Limodzi pa Labala la Kamera

Nkhani imene yakhala ikunong'onedwa paliponse, kuyambira ku mpopi mpaka ku saluni, ndi yakuti Kadiso anamiza kamera ya kampani chifukwa cha chibwenzi. Akuti m'malo motseka bokosi bwinobwino, mtsikana anali pa foni, kikiki ndi mwamuna, mutu utachokeratu. Ena akuthira mchere kuti anali atalawako. Koma dikirani kaye, chifukwa ambiri akungotafuna zimene sanazione.

Kadiso amagwira ntchito ku kampani ija imatenga alendo kukapalasa pamtsinje, m'timabwato tating'ono tapulasitiki timene amati kayaki. Iye ndiye amawajambula vidiyo akamakuwa m'mafunde, kuti akakafika kwawo azikanyadira. Dzina lakelo linachokera pomwepo: diso limodzi chitsinzinire, lina lili pa kamera.

Ndipo inu, mwana wa munthu ankaisamala kamera imeneyo ngati khanda. Imakhala m'kabokosi koonekera mkati, kokhala ndi labala lozungulira pachitseko. Asanaiikemo, ankamanga duku kumutu, kusamba m'manja, kuchotsa labala lija, kulipukuta, kulipaka timafuta ndi nsonga ya chala, kenako kuliyang'ana padzuwa ngati mayi wofuna nsabwe. Akatero ankaika tishu m'bokosi lopanda kamera n'kulimiza mumgolo wa madzi. Tishu ikatuluka youma, ndiye kamera ilowe. Opalasa ankamuseka.

"Asisi, alendo akalamba pano! Mukuibatiza kapena?"

"Kamchenga kamodzi kokha pa labalapa, madzi alowa," ankayankha choncho osatukula ndi mutu womwe.

Tsiku la tsokalo anachita zonsezi, n'kutseka kamera, n'kuisiya pa lisepishoni kwa msuweni wake kuti akathandize gogo wina wa alendo kuvala jekete yoyandamitsa. Msuweniyo ndi mwana wa amalume ake. Anakulira nyumba imodzi, bulangete limodzi, ndipo ntchito ya pa lisepishoniyo ndi Kadiso yemwe anamupemphera, mpaka kumubwereka nsapato za tsiku la intaviyu.

Atangodutsa pamathithi oyamba, Kadiso anaona nkhungu pagalasi. Anapukuta kunja, nkhungu ili pompo. Atapendeketsa bokosi, timadzi tinayenda mkati. Pofika kumtunda kamera inali itazima, yozizira ngati nsomba.

Abwana sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anangoti, "Ndamva kuti masiku ano foni yakuchulukira. Kakhale kaye kunyumba, tidzakuitana." Aliyense amadziwa kuti "tidzakuitana" ndi kutsanzika kwaulemu.

Msuweni anamuperekeza mpaka pageti, misozi ili mbwee, akumusisita kumsana. "Anthu ndi oipa, msuweni. Ndani angakunenere zoterezi?"

Kadiso anakhala kunyumba akudzifunsa ngati wayamba misala. Kodi anaiwala kukanikiza chotsekera? Kodi labala linali litatha? Mapeto ake anapempha bokosi lija n'kupita nalo kwa amisiri okonza mafoni kumsika, bambo wa magalasi okhuthala amene amayankhula akutafuna chotokosera m'mano. Anatsegula, anayatsa katochi, n'kutenga kopanira kawo kakang'ono. Pang'onopang'ono anakoka chinthu pa labala, chikubwerabe, chikubwerabe, chachitali ngati ulusi.

"Asisi, wigi yanu ija yofiira mwaisiya kuti?"

Kadiso anagwira mutu wake. Iye amameta, tsitsi lake silifika ndi pa chikhadabo. Pakampani ponse wa tsitsi lofiira lofika m'chiuno ndi mmodzi yekha, msuweni wake, ndipo tsiku lolukitsa anamuperekeza ndi Kadiso yemwe, n'kumamugwirira galasi.

"Likapingasa chonchi, madzi amayenda ngati mumsewu," anatero amisiri aja. "Wina anatsegula inu mutatseka."

Kadiso anakulunga tsitsilo mu tishu n'kulunjika ku kampani. Anapeza msuweni ali pa lisepishoni, akupenta zikhadabo, pambali pake pali katoni ya kamera yatsopano.

"Iii, msuweni! Wabwera? Wawonda bwanji!"

Kadiso anafunyulula tishu ija patebulo. Msuweni anayang'ana, n'kuuzira zikhadabo zake fuu, fuu.

"Ndiye chiyani? Tsitsi limagwa."

"M'kati mwa bokosi lotseka?"

Msuweni anatsitsa mawu. "Ndinangoitulutsa pang'ono, ndimafuna kudzijambula ndi diresi yatsopano ija. Foni yanga imandidetsa, ukudziwa. Ndinabwezeramo bwinobwino, mpaka bokosi linalira kuti tha."

"Nanga za foni ndi chibwenzi, anawauza abwana ndani?"

"Anandipanikiza! Anafunsa kuti kamera inali ndi ndani. Ukanafuna ndinene kuti chiyani? Iweyo uli ndi luso, upeza kwina. Ine ndikachoka pano ndipita kuti?"

Kadiso analoza katoni ija ndi mlomo. "Nanga iyi?"

Msuweni anayamba kukonza mapepala amene anali okonzeka kale. "Akuti ndiyesereko kujambula. Ndinawauza kuti unkandiphunzitsa. Si kuti ndakulanda, zangokhala m'banja momwemo."

Za kamera Kadiso akanakhululuka, ngozi ilibe mwini. Koma misozi ya pageti ija! Dzanja lija linkamusisita kumsana, pakamwa pali patangochoka kwa abwana!

"Msuweni, chonde," anatero winayo atamugwira mkono. "Usandiyalutse. Magazi amodzi ife."

Kadiso anachotsa dzanjalo chala chimodzichimodzi, kusamala kuti asafufute penti, n'kukagogoda ku ofesi.

Sizinatenge nthawi. Abwana anayang'ana tsitsi, anaitana msuweni, anayang'ana mutu wake. Msuweni analira mpaka nsidze zomata zinagwa, koma anavomera. Madzulo ake anatuluka pageti ndi kachikwama kake, ndipo Kadiso anauzidwa kuti abwere m'mawa, alendo akudikira.

Mukuganiza kuti kunyumba anamulandira ndi nthungululu? Anapeza amayi ake atakhala pakhonde, foni ili pamiyendo, amalume atangomaliza kuimba.

"Iwe mwana, wandichititsa manyazi kwa mlongo wanga. Tsitsi limodzi lokha, mpaka kumuchotsetsa ntchito m'bale wako?"

"Amayi, ineyo ntchito inanditheranso. Dzina langa lili m'kamwa mwa anthu tauni yonse."

"Ukanabwera tikambirane pachibale. Mnzako ndi mwana, analakwitsa."

"Ndife a chaka chimodzi, amayi."

"Usandiyankhe!"

Panopa Kadiso wabwerera pamtsinje. Amamanga duku, amapaka labala, amamiza tishu mumgolo, ndipo kamera akatseka saisiyira munthu, amapita nayo ndi kuchimbudzi komwe. Ku ukwati wa mwana wina wa amalume sanamuitane, anangoona zithunzi pa foni, msuweni ali kutsogolo ndi wigi yatsopano yakuda. Ku saluni nkhani ya chibwenzi ija sinafe ayi, yangopeza inzake: akuti Kadiso ndi wouma mtima, wadya m'bale wake chifukwa cha ntchito.

Ndiye tandiuzani inuyo, mukanakhala Kadiso, tishu ija ili m'manja, chitseko cha abwana chili apo, msuweni akukukokani mkono, mukanagogoda kapena mukanabwerera kunyumba?