Nyumba Yopanda Mphuno

Marian anazungulira nyumba yatsopano ya amalume ake kawiri, ulendo wachiwiriwo akuyenda pang'onopang'ono ngati zipupa zisintha maganizo. Sizinasinthe. Kuyambira pansi mpaka kumalata panalibe bowo loti ngakhale buluzi n'kulowetsapo mutu. Mawindo analipo, agalasi onyezimira, koma omatiratu, osatsekuka.

A Bartholomew ankamutsatira pambuyo, manja kumsana, chifuwa patsogolo. Kunyada kwawo kunali ndi chifukwa. M'mudzi wonse wa Yofu munalibe nyumba ina yapulasitala kunja ndi mkati, ndipo thumba lililonse la simenti linabwera pa sitima n'kusenzedwa pamutu kuchokera ku Chipyela. Nyumbayo anamangira akazi awo, a Sofiya, amene mphumu inawazunza zaka zambiri m'kanyumba kakale kofuka utsi. M'maganizo mwa a Bartholomew, adani a chifuwa cha a Sofiya anali awiri: mphepo ya mwera ndi nkhungu, tizilombo tija totuluka m'nyanja mwaunyinji n'kudzaza m'nyumba. Choncho anauza mmisiri kuti asasiye pobowoka paliponse.

Tsoka lake, Marian sanabwere ngati mwana wa mlongo wawo chabe. Chikhalireni Likoma boma palokha, iye ndiye ankayendera nyumba zatsopano, ndipo popanda iye kusayina, nyumba sinkaloledwa kukhalamo anthu kapena kulumikizidwa magetsi. Lamulo linali losavuta: chipinda chilichonse chikhale ndi polowera mpweya ndi potulukira pake, kuti nyumba izizizira yokha. Akanangosayina, palibe akanamufunsa. Koma ankadziwa kuti azakhali ake akalowa m'menemo ndi dzuwa la Novembala limeneli, nyumba yowamangira kuti apume bwino ndi imene idzawabanikitse. Kukana nako kunkamuwawa. Awa anali amalume amene anamulera bambo ake atamwalira, komanso munthu woti akakwiya amatha chaka osakupatsa moni.

Anawafotokozera mofatsa. A Bartholomew anaseka, nati za kutentha asade nazo nkhawa, magetsi akangolowa agula fani. Marian anawakumbutsa kuti injini ya magetsi pachilumba pano imazimitsidwa masana, nthawi yeniyeni imene malata amalavula moto. Apo nkhope yawo inasintha.

"Iwe Marian, kusukulu ndinakutumiza ndine. Lero undiphunzitse kumangira nyumba mkazi wanga?"

"Sindikukana, amalume," anatero Marian. "Koma nkhani yaikulu sitikambira panja ngati ogulitsana usipa. Ndilandireni m'nyumba mwanu. Mlendo woyamba ndikhale ine."

Apa anawagwira pakhosi. Mudzi wonse unkadziwa kuti a Bartholomew sasiya mlendo yekha pampando. Kwa iwo mwini nyumba wodzuka mlendo asanatsanzike ndi munthu wosaleredwa. Analowetsa mipando iwiri. Marian anatseka chitseko, monga mmene chizidzakhalira a Sofiya akamapuma masana, n'kukhala pansi.

Dzuwa linali paliwombo, malata akuthetheka. Marian sanatchulenso za lamulo. Anafunsa za chinangwa, za maukonde, za kwaya ya kutchalitchi, kenako za abale a kutsidya ku Mozambique, mmodzimmodzi, ndi ana awo omwe. Thukuta linkamuyenderera kumsana, bulauzi itamata thupi, mutu ukugunda, koma mtima unali m'malo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Amalume mayankho awo anayamba kufupika. Anamasula batani la pakhosi akunamizira kudzikanda, kenako lina. Koma mawu oti muno mwatentha sakanatuluka pakamwa pawo ngakhale mukanawaika pamoto weniweni. Makani m'banja limenelo ndi a m'magazi, ndipo tsiku limenelo anakumana okhaokha.

Mwina akanakhala choncho mpaka wina kukomoka, koma kunja kunamveka odi. Anali a Sofiya, atanyamula makapu awiri a thobwa. Analowa, nabweza chitseko monga anachipezera, naika makapu pansi, nakhala pambali kuti alonjere mwana wawo bwinobwino. Anafunsa za kuntchito, anafunsa za ku Chipyela, koma funso lachitatu silinathe. M'chifuwa mwawo munayamba kulira kamluzu ka mphumu kaja.

A Bartholomew ankakadziwa kamluzu kameneko kuposa belu la tchalitchi. Anadzambatuka, mpando n'kugwa, mlendo n'kumuiwala, nanyamula akazi awo kupita nawo pansi pa mtengo wa mango. Marian anawatsatira akuthamanga, nayamba kuwakupiza ndi lichero. Anachita mantha kwambiri. Msampha anatchera amalume, koma wakola munthu amene iye ankafuna kumuteteza, ndipo zimenezo zinamupweteka mumtima.

Patapita kanthawi mpweya unabwerera. A Sofiya anayang'ana nyumba ija, kenako amuna awo, nalankhula motsitsa.

"Bambo, nyumbayi ndi yokongola, ndathokoza. Koma ine ndizigona konkuja kwa utsi. Utsi umapezako potulukira."

A Bartholomew anaima nthawi yaitali akuyang'ana pulasitala wawo wosalala uja. Kenako anazungulira kuseri, ndipo Marian anati basi, chaka chosapatsidwa moni chayamba lero. Anamva chisoni, koma maganizo osayina sanamubwerere n'komwe.

A Bartholomew anatulukira atagwira hamala ndi tchizulo, m'khwapa muli makwerero.

"Pati?" anafunsa, osamuyang'ana.

Marian analoza pamwamba pa windo la kunyanja, nalozanso khoma la kumtunda, kuti mphepo ikalowa uku izikatulukira uko. Anawauza kuti pamabowopo adzaikapo waya wa sefa woti nkhungu zisadutse, kuti mawindo asinthidwe akhale otsekuka, ndiponso kuti kunsi kwa malata ayaleko mphasa za bango zotchinga kutentha. Zonsezo zikatheka, adzabweranso ndi cholembera.

"Amati wakutsina khutu ndi mnansi," anatero a Bartholomew akukwera, "koma iwe watsina mpaka magazi. Gwira makwererowa, usandigwetse."

Marian anagwira. Hamala yoyamba inagwa mwaulesi, ngati munthu akumenya mwana wake. Zotsatira zinagwa ndi mphamvu. Njerwa itagwera mkati, anasamukira khoma lina lija, fumbi litawayeretsa tsitsi ndi nsidze zomwe.

Fumbi litakhazikika, a Sofiya anadzuka okha pansi pa mango paja, nalowa m'nyumba. Makapu aja anali pomwe anawasiya. Anapungulako pamwamba pa kapu imodzi, nakokera mpando pansi pa bowo la kunyanja, pomwe kamphepo kankagwedeza nsonga ya duku lawo. Anakhala pansi n'kuyamba kumwa pang'onopang'ono, chitseko chili chotseka.