Nsapato Inatsala M'dzenje

Atafika pamene njira yokwera phiri imakhota pamtengo wakugwa, mayi wina, telala, anacheuka n'kupeza kuti mlamu wake kulibe.

Phirilo silinali lalitali, koma linali lowirira. Kale anthu ankakumbamo golide, ndipo maenje awo anali akadalipo, ena atabisika m'zitsamba. Mlamuyo, mwamuna wa mng'ono wake, anali atangochira matenda a mtima, ndipo dokotala anamuuza kuti aziyendayenda. Telala ndiye anamuchotsa pampando m'mawawo, mng'ono wake akukana.

"Alamu!" anaitana.

Kunali zii. Anatsika chothamanga. Pambali pa njira anaona chipewa chili pa udzu, pafupi ndi dzenje lakuda bii. Akanakamuuza chiyani mng'ono wake? Anagwada n'kuitananso.

"Musakuwe choncho, mundigwetsera dothi m'maso," mawu anatuluka pansi.

Atasuzumira, anaona mutu wadazi. Dzenjelo linali lalifupi, ndipo mlamuyo anali chilili m'matope ofika m'mawondo.

"Mtima uli bwanji?"

"Mtima uli bwinobwino. Yatisiya ndi nsapato."

Telala anakhala pansi, osadziwa ngati aseke kapena alire.

"Nanga mumafuna chiyani kunja kwa njira?"

"Ndinaona kanthu kakunyezimira."

"Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Anzanu anakumba ndi makasu mpaka kutopa, inu mukuti mungotola?"

"Nditulutseni kaye, mlandu tikambira kumtunda."

Telala anakoka nthambi youma, naitsetsereka m'dzenjemo, iye n'kupondetsa phazi pamuzu. Kawiri konse mlamuyo anaterereka. Kachitatu anatuluka chokwawa, matope thupi lonse, dzanja limodzi atafumbata. Atalitambasula, munali kachidutswa ka botolo.

"Golide wanu ndi ameneyu? Mng'ono wanga walemera."

Onse awiri anaseka mpaka misozi. Telala anamugwira pamkono, namvetsera mmene akupumira. Ankapuma ngati munthu aliyense wotopa.

"Tibwerere?"

Mlamuyo anayang'ana kumtunda, kumene kuwala kunkaoneka pakati pa mitengo.

"Miyezi yonseyi ndangoona denga la chipinda. Ndikufuna ndikaone kutali."

Telala anavula mpango wake, naukulunga kuphazi lopanda nsapatolo, n'kumanga mfundo yolimba.

"Tiyeni. Koma mutsogole ndinu, ndizikuonani."

Ananyamuka pang'onopang'ono, mlamu patsogolo akutsimphina, telala pambuyo atamunyamulira chipewa.