Nkhwangwa pa Khonde la Bwana Ndevu

"Ndiwe mbava, mzungu iwe! Unatilanda minda, lero ukufuna kulanda ndi akufa omwe!"

Sungani ananena izi chala chili pamphuno pa mlongo wake wamkulu, Estele, amene anakhala pachitsa kuseri kwa nyumba atavala lichero kumutu ngati chipewa cha mzungu.

"Kapitawo, chikoti!" anakuwa Estele, mawu akutulukira m'mphuno. Kenako anavula lichero lija. "Achimwene, mwakwapulidwa kale, za manda musanazitchule n'komwe. Yambiraninso."

Nkhani inali iyi. Bwana Ndevu, mwini esiteti ya m'tsinde mwa phiri, analamula kuti Lolemba anthu a thangata, omwe ankamugwirira ntchito chifukwa chokhala pamalo ake, agwetse nkhalango ya kumanda kuti adzalemo tiyi. M'nkhalangomo ndimo munagona mayi a Sungani ndi Estele, amene anaoloka mtsinje wa Muloza pothawa Apwitikizi, Estele ali kumsana. Atsibweni atamwalira, mbumba yonse inatsala m'manja mwa Sungani. Wokalankhula ndi mzunguyo anali iyeyo basi, ndipo kapitawo anali atamupatsa kale nkhwangwa yake.

Ulendo wachiwiri anayamba bwino, chifuwa patsogolo. Koma Estele atangomuyang'ana ndi diso limodzi, mawondo anapindika okha, manja n'kuyamba kuomba.

"Pepani bwana, ife ndife ana anu..."

Estele anaseka mpaka lichero linagubudukira kukhola la nkhuku. "Mwana wa mzungu ndinu? Nanga ndevu zanu zili kuti? Dzukani apo! Muja munatukwana, apa mwagwada. Pakati palibe njira?"

Sungani anasasa fumbi, nkhope itatentha. "Bwererani pachitsa, achemwali. Lero muona."

Koma asanatsegule pakamwa, Estele anamudula. "Manda ake ati, boyi? Ine ndadutsako ndi galu wanga, ndaona tchire. Mwala wolembedwa uli kuti? Mtanda uli kuti?"

Funso limeneli Sungani sanaliganizire. Anayang'ana kunkhalango kuja, ndipo mawu anayamba kubwera okha, pang'onopang'ono.

"Pali mtsuko wa amayi, womwe ankatungira madzi. Tinauboola pansi n'kuuvundikira kumutu kwawo. Pambali pake pali mbale ya atsibweni. Kumeneko munthu salowa ndi nkhwangwa, kupatula adzukulu pokakumba manda. Ngakhale nkhuni yogwa yokha sititola, chiperoni chizizire bwanji. Mitengo imene ija ndiyo mwala wathu, bwana. Ndilo denga la amayi."

Estele analumpha pachitsa. "Zimenezo! Mwazipeza, achimwene! Bwerezani, mokweza!"

Anabwereza kachiwiri, kachitatu, kufikira amayi amene ankasinja pafupi anasiya minsi n'kudzaima mozungulira. Mmodzi anaimba nthungululu. Sungani anamva ngati angathe kunyamula phiri la Mulanje ndi dzanja limodzi.

Lolemba dzuwa likutuluka anatsogola, nkhwangwa paphewa, mbumba yonse pambuyo. Anthu a thangata amene anali pamzere anatembenuka kuwayang'ana. Kapitawo anathamanga kudzamutchinga, koma Sungani anamulambalala, n'kukaima tsonga pamaso pa Bwana Ndevu, amene anali pakhonde ndi kapu m'manja. Mzunguyo Chinyanja ankamva.

Ulendo uno mawondo a Sungani sanapindike. Ananena za mtsuko, za mbale, za nkhuni zosatola, mawu aliwonse pamalo pake. Kapu ija inaima panjira yopita kukamwa.

Pomaliza Sungani anatsitsa nkhwangwa n'kuigoneka pakhondepo, mpini utaloza kwa mzunguyo.

"Ine dzanja langa silikhudza mtengo wa pamutu pa amayi, ndipo pamzere apo mulibe amene aukhudze. Ngati ndi tchire, nyamulani nokha mukadule woyamba, ife tikuonerereni. Mukadula, kapena mitengo ikhala? Tiyankheni, bwana, anthu onsewa akumva!"