Inchi Imodzi Padenga la Mayi Hilary

Pamene Useni ankayamba ntchito kwa a Gerard mu 2006, anali anthu asanu ndi anayi, ndipo madenga ankachita kuwadikira pamzere. Pofika Novembala wa 2010 anatsala awiriwiri, iye ndi a Gerard, mkulu wa ku Ireland konkuno wa zaka 62. Zomanga zinali zitaima mu Dublin monse. Ntchito imene anapeza mwezi umenewo inali imodzi yokha: kufolera nyumba yakale ya mayi Hilary, kuseri kwa Parnell Street.

Ankafolera ndi masileti, miyala yopyapyala ngati ija ankalembapo kusukulu kale, ogula kwa anthu ogumula nyumba. Useni anatha masiku awiri akuwasankha. Lililonse ankaligogoda ndi hamala: likalira ngati belu n'labwino, likangoti phu n'lotaya. Okhuthala ankawaunjika paokha kuti apite m'munsi mwa denga, opyapyala kumtunda. Zala zinang'ambika ndi chisanu.

A Gerard ndiwo anayeza. Masiletiwo anali a mainchesi 20, choncho timatabwa topingasa tokhomapo tinayenera kutalikirana mainchesi 8, kuti sileti lililonse likwirire bwino anzake am'munsi. Anadula kandodo koyezera n'kumupatsa Useni, iye n'kukhoma timatabwato mbali yonse yakumsewu.

Lachinayi, atayala mizere inayi, Useni anaima. Masileti sankakwirirana mokwanira. Anatulutsa tepi yake n'kuyeza kandodo kaja. Mainchesi 9.

"Bwana, tabwerani muone," anatero.

A Gerard anakwawa pamakwerero pang'onopang'ono, mawondo akulira. Anatenga tepiyo, kuisendeza pafupi ndi maso, kuitalikitsanso. Kenako anakhala pansi patimatabwa pomwepo.

"Ikuti bwanji?" anafunsa.

"Ikuti 9."

M'munsi munadutsa basi.

"Manambalawa sindikuwaonanso, Useni. Chaka chatha tsopano. Magalasi sakuthandiza, adokotala akuti ndi ng'ala, ndidikire pamndandanda wa opaleshoni. Ngakhale mkazi wanga sakudziwa kuti zafika apa. Zikamveka, ndani angandipatse denga?"

Useni anayang'ana mbali yonse ija, ntchito ya masiku awiri. Mkwiyo unabwera, koma sunapeze pokhala. Thupi linali litatopa kale. Msana unkamuwawa kuyambira Lolemba. Mkazi wake Prudence, yemwe ankasamalira okalamba ku Clonsilla, ankamuuza sabata iliyonse kuti atsike padenga akalembetse ntchito kumeneko.

"Tikhoza kungopitiriza," anatero a Gerard, osamuyang'ana. "Ali pansi sangaone."

"Mvula ya kuno imabwera cham'mbali, bwana. Munandiphunzitsa ndinu. Pofika Januwale mayiwa adzakhala akutchera mabeseni kuchipinda."

A Gerard anapukuta mphuno ndi golovesi.

"Zula," anatero.

Anayamba kuchotsa masileti limodzilimodzi, misomali yamkuwa akuiponya m'chitini kuti aigwiritsenso ntchito. Asanu ndi awiri anasweka. Mayi Hilary anatulukira pakhomo atavala juzi ziwiri, n'kufunsa chifukwa chimene denga likubwerera m'mbuyo.

"Ndinalakwitsa ndine, mayi," anayankha a Gerard. "Tikukonza."

Useni anadula kandodo kena, anakayeza kawiri. Asanayambe kukhoma anati, "Kuyambira lero tepi ndizigwira ndine. Inu muzindiuza nambala imene mukufuna."

A Gerard anangogwedeza mutu movomereza.

Denga linatha Lachitatu la sabata yotsatira, mochedwa ndi masiku atatu, kukuwaza kamvula. A Gerard ankakhoma mongokhudza ndi manja, ndipo mizere yawo inali yowongoka kuposa ya Useni. Atamasula makwerero n'kuwamangirira pamwamba pa vani, a Gerard anati akamva za ntchito ina aimba foni. Useni anayenda wapansi kukakwera basi ya ku Ongar, anapeza mpando wakumbuyo, ndipo anagona asanafike n'komwe pa Navan Road.